Tsiku Limene Apongozi Analowa M'vidiyo

Kanyumbako kanali ka zidina, kofolera ndi malata akale otsindikira miyala. Kanali m'mphepete mwa njira yaikulu yochoka kudera lathu ku Chinsapo kupita kusukulu ndi kumsika. Tinkangoti ku vidiyo. Pakhomo panali chinsalu chakuda, padenga chimkuzamawu chomangirira ndi waya, ndipo magetsi ankachokera kunyumba ina yakuseri kudzera pa nthambo yodutsa pamwamba pa mpanda.

Ndinene poyambirira kuti ine mafilimu ndimawakonda. Kanyumbako katangotsegulidwa, ndinkapitako Loweruka ndikamaliza kugulitsa mandasi, n'kukalira misozi ndi mafilimu a ku Nigeria mpaka anzanga kumandiseka. Ngakhale omenyana aja ndinkaonera, n'kumakuwa nawo. Choncho wina asaganize kuti ndinali mayi wodana ndi zosangalatsa.

Zinthu zinasintha mwini wake atazindikira chimene chimadzaza mabenchi masana. Anali mnyamata wokwatira kale, wa ndevu zometa bwino, waulemu pakamwa. Anayamba kuonetsa mafilimu olaula, ndi ena odulana makosi ngati nkhuku, magazi ali chuchuchu. Ndipo ankawaonetsa dzuwa lili paliwombo, nthawi imene ana akuweruka. Pofuna kubisa phokoso la m'katimo, ankaika nyimbo zauzimu pa chimkuzamawu chija. Nyimbo zauzimu! Dera lonse linadziwa kuti kwaya ikayamba kuimba padengapo masana, ndiye kuti m'katimo anthu avula. Mpaka lero ndikamva nyimbo ina imene ankaikonda, mtima umandiwira.

Olowa ambiri anali ovala yunifomu. Ena anali anyamata osiya sukulu, aja amangokhala pamilatho. Akatuluka m'menemo maso ali psu, munthu woyamba kukumana naye panjira anali mtsikana wochokera kusukulu.

Chisamba changa, mwana wamkazi, anali mu Sitandade 8 chaka chimenecho. Anali mwana wanzeru, wolankhula ngati ine amake. Ndinayamba kuona kuti akufika kunyumba ali duu, osanena za kusukulu. Kenako tsiku lina anafika lamba wa chikwama ataduka, khosi lili ndi zikande. Mnyamata wina anamugwira pakhosi kuchokera kumbuyo monga amachitira m'mafilimumo, anzake akuseka ndi kumunena mawu amene sindingawalembe pano. Anapulumuka chifukwa kunatulukira bambo wina wa kabaza.

"Amayi, ine kusukulu basi," anatero. "Njira imeneija sindidzadutsamonso."

Njira ina inalipo, yodzera kudambo, koma inali nthawi ya mvula ndipo mtsinje unali utadzaza. Ndinayesa kumuperekeza ndekha. Tikangoyandikira kanyumbako, miyendo yake inkalimba ngati ya mbuzi yokana chingwe. Tinkabwerera. Mayeso anali pafupi, ndipo mwana wanga anali atakhala pakhonde akuyang'ana anzake akudutsa.

Ine ndili ndi mtima wapachala, sindikana. Ndinapita kukanyumbako, chitenje nditamanga m'chiuno. Mwini vidiyo uja anali atakhala pampando wake pakhomo, pomwe ankalandirira olowa.

"Mukuonetsa chiyani ana athu m'menemu?" ndinamufunsa.

"Mami, iyi ndi bizinesi," anayankha akumwetulira. "Ine sindikoka munthu. Aliyense amabwera ndi miyendo yake. Mwana wanu ngati ali ndi vuto panjira, mukafunse makolo a anyamatawo."

Kumwetulirako ndi kumene kunandipsetsa mtima. Ndinazungulira kuseri, n'kutola mtengo kuti ndigwetse nthambo ya magetsi ija. Ndine wamfupi. Ndinalumpha, osaifikira, ndinalumphanso, n'kuterereka m'matope. Anyamata anatuluka m'katimo kudzandiseka. Ndinabwerera kunyumba matope ali thupi lonse, kwaya ikuimbabe padenga.

Bambo akunyumba ndi mlonda panyumba ina ku Area 18, munthu wa kumpoto, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Atamva, anapukusa mutu.

"Amayi, zinthu izi zili ndi eni ake," anatero. "Kuli ofesi yoona za mafilimu. Ndipo akuluakulu ali ndi ufulu woonera zimene akufuna."

"Akuluakulu aonere mpaka maso atupe," ndinatero. "Ine ndikunena za ana, ndi za mwana wanuyu amene wakhala pakhondepa."

Bambowo anapitadi kutauni kukadandaula, ndipo sindingawanamizire a ku ofesiwo, anabwera. Analanda madisiki odzaza jumbo, n'kumuchenjeza mnyamatayo. Tinapuma masiku ochepa. Kenako mnyamatayo anabwera ndi kafulashi kochepa ngati chala, kobisika m'thumba la malaya, ndipo kwaya inayambiranso. Anthu a kutauni sangakhale pakhomo pa munthu tsiku ndi tsiku.

Chifukwa cha mkwiyo, ndinasamutsa beseni langa la mandasi n'kukakhala moyang'anizana ndi kanyumbako, kuti mnyamatayo azindiona. Sizinamukhudze. Ankabwera kudzagula mandasi kwa ine ndemwe, n'kundithokoza. Koma kukhala pamenepo ndi kumene kunandionetsa chinthu chimene ndinkachiona kale osachiganizira.

Masana alionse ankadutsa mayi wina wachikulire atasenza beseni la ndiwo zamasamba kuchokera kudimba kupita kumsika. Anali wamtali, wouma thupi, wosapatsa moni munthu. Mayiyo akangotulukira pakona, mnyamata uja ankadzuka msangamsanga, kusiya mpando ndi khomo, n'kuzungulira kuseri kwa kanyumbako. Ankaima kumeneko mpaka mayiyo atadutsa, kenako n'kubwerera.

Ndinafunsa mnzanga wogulitsa tomato pambali panga.

"Simukudziwa?" anadabwa. "Ndi apongozi ake amenewo. Anakwatira mwana wawo womaliza. Malo onsewa ndi awo, ndi mbadwa za konkuno tauni isanafike. Iyeyu ndi mkamwini chabe."

Ife Achewa, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Sakhala chipinda chimodzi, salankhulana maso ndi maso, ndipo ngati pali mawu amadzera mwa munthu wina. M'tauni ambiri anasiya, koma mayi ameneyu sanasiye, ndipo mnyamatayo, pokhala pamalo a eni, ankatsatira bwino lomwe. Ndinaona kuti mwambowo ndi umene unkamuteteza. Munthu mmodzi yekha amene akanatha kumuletsa sankayandikira khomo lake, ndipo panalibe amene akanalimba mtima kukauza mpongozi zolaula za mkamwini wake. Ndi nkhani yoti munthu wolongosoka saiyamba.

Ine kulongosoka kunali kutandithera m'matope muja. M'mawa mwake ndinatenga mwana wanga, tinapita kudimba.

Tinawapeza akuthyola nkhwani. Tinagwada, n'kupereka moni. Anayankha osatiyang'ana. Ndinayamba nkhani mozungulira, monga ziyenera kukhalira, koma lilime langa silidziwa kuzungulira nthawi yaitali. Ndinangonena kuti m'kanyumba ka pamalo pawo ana akuonetsedwa anthu ali maliseche.

Anaweramuka, n'kundiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu a kuti inu?"

"Kwathu n'ku Dedza, mayi."

"Ku Dedza anakuphunzitsani kuuza munthu zimenezo za mkamwini wake?"

Manyazi anandigwira, koma sindinasunthe. Anatulutsa kabotolo ka fodya wamphuno, n'kununkhiza, n'kuyetsemula.

"Ine ndi bambo amenewo sitilankhulana," anatero. "Pitani kwa ankhoswe."

"Ankhoswe ena ali kumudzi, ena amamwera limodzi ndi iwowo."

"Ndiye mukufuna nditani? Ndiwathamangitse? Mwana wanga ndi zidzukulu zanga akudya kuchokera m'kanyumbamo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

Anaweramiranso nkhwani wawo, kusonyeza kuti nkhani yatha. Pamenepo ndinakoka mwana wanga, n'kutsitsa kolala ya diresi lake. Zikande zija zinali zitauma koma zinkaonekabe. Mayiwo anayang'ana nthawi yaitali.

"Zachitikira kuti?" anafunsa mwanayo, osati ine.

"Panjira ya kusukulu, agogo. Pafupi ndi vidiyo."

"Ndiye sukupita?"

"Ayi, agogo."

Nkhope yawo inasintha, koma sichinali chisoni. Unali mkwiyo wa mwini chinthu.

"Njira imeneyo inali mizere ya chimanga changa," anatero. "Atabwera kudzapempha kuti ana azidutsa, ndinapereka ndekha, popanda wondipatsa ngakhale mchere. Ine kusukulu sindinapondeko. Lero wina akutseka njira yanga?"

"Sindikupempha kuti mulankhule nawo, mayi," ndinatero. "Inu mumadutsa pamenepo masana alionse, iwo n'kuthawira kuseri. Mawa musadutse. Mulowe."

Anangonyamula nkhwani wodzaza manja awiri n'kumuika m'chitenje cha mwana wanga. Tinabwerera osadziwa ngati avomera kapena atithamangitsa mwaulemu.

Komabe madzulo amenewo ndinayenda nyumba ndi nyumba. Amayi ena anakana, akuti amuna awo sangalole. Ena anaseka. Koma amene ana awo ankaweruka mochedwa popanda chifukwa, ndi amene ana awo aakazi anayamba kuopa njira, anandimva. Mutu umodzi susenza denga. Tinagwirizana zokumana pa beseni langa la mandasi, aliyense ngati akudzagula.

Tsikulo kunali kamvula kowaza. Amayi anafika mmodzimmodzi, wina ndi mwana kumbuyo, wina ndi lichero la nyemba. Ana asukulu anayamba kuweruka, ndipo tinawaona akuzemba kulowa kuseri kwa chinsalu chakuda chija. Kenako kwaya inayamba padenga. Mnyamatayo anatiyang'ana tili chigulu, n'kutiimikira dzanja mwachipongwe. Ndinkangoti mayi aja akapanda kubwera, kapena akangodutsa, ndisamuka m'dera lino chifukwa cha manyazi.

Anatulukira pakona, beseni lili pamutu, akuyenda mayendedwe awo a masiku onse. Mnyamatayo anawaona. Anadzuka, anakonza malaya, n'kuzungulira kuseri mwaulemu wake wonse, kusiya khomo lili pululu monga ankachitira tsiku lililonse.

Mayiwo anafika pakhomopo. Anaima. Anatula beseni, n'kulinyamula m'manja, ndipo ndi phewa anakankha chinsalu chija n'kulowa.

Ife tinawatsatira ngati anapiye.

M'katimo munali mdima, fungo la thukuta ndi fodya. Kuwala kunkachokera pa kanema pokha, ndipo zimene zinali pamenepo sindizifotokoza. Mabenchi anali odzaza. Kwa kanthawi palibe anazindikira kuti kwalowa ndani. Kenako mnyamata wina anacheuka, n'kuona duku la amake.

Chipwirikiti chimene chinabuka sindidzachiiwala. Khomo linali limodzi, ndipo ife tinali titaima mbali zonse ziwiri. Aliyense wotuluka anayenera kudutsa pakati pathu nkhope ili poyera. Mnzanga wa tomato anagwira mwana wake khutu asanafike n'komwe pakhomo. Mayi wina ankangotchula kuti, "Uyu ndi wa kwa uje, uyu ndi wa kuseri kwa chigayo," ngati akuitana mayina m'kalasi. Bambo wina wamkulu ndithu, amene Lamulungu ankatisonyeza pokhala m'tchalitchi, anadutsa atakokera chipewa mpaka pamphuno. Tinamupatsa moni tonse pamodzi. Mwana wanga anali atandifotokozera amene anamugwira pakhosi, wa chipsera pachibwano. Atafika pamene ndinaima, sindinamumenye, ngakhale manja ankandiyabwa. Ndinangomugwira pamkono, n'kumuyang'anitsa kwa amayi onse, ndi kuwauza chimene anachita. Azakhali ake anali pomwepo. Anamutenga okha.

M'kanyumbamo munatsala ife amayi tokha, ndi kanema akuonetsabe zake. Palibe ankadziwa pozimitsira. Ndinamasula chitenje kuti ndiphimbe, koma mayi achikulire aja anandiletsa ndi dzanja. Anali atakhala pa benchi yakutsogolo, beseni lili pakati pa miyendo, akusadzula nkhwani.

"Siyani," anatero. "Azimitse mwini wake."

Kenako anakweza mawu, akuyang'ana ine, koma khoma la zidina lili pafupi ndi khutu la munthu amene anali kuseri.

"Mayi a ku Dedza, muwauze bambo ali kuseriwo kuti ndafika. Muwauze kuti ndikuonera."

Ndinatuluka, n'kuzungulira. Ndinamupeza atatsamira khoma, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira. Kumwetulira kuja kunalibe.

"Apongozi anu akuti afika," ndinatero, mawu alionse ndikuwatafuna bwinobwino. "Akuti akuonera."

"Mami, chonde," anatero monong'ona. "Atulutseni. Chonde."

"Pitani mukawatulutse nokha."

Sakanatha. Kulowa m'chipinda chimene muli apongozi ake sikukanatheka, ndipo kuwasiya akuyang'ana zimene zinali pa kanema sikukanathekanso. Anayang'ana uku ndi uku. Kenako anatola mtengo, ndikukhulupirira kuti unali womwe uja ndinalephera nawo ine, n'kukola nthambo ya magetsi. Iye ndi wamtali. Anakoka kamodzi kokha, nthambo n'kuduka. Kwaya padenga inathera pakati pa mawu.

Kunali zii. Kenako m'katimo munamveka nthungululu, ndipo ine ndinailandira kuseri komweko, pamaso pake. Ndinalulutira mpaka kukhosi kunauma. Anthu anatuluka m'nyumba kuganiza kuti kuli ukwati. Ndinasangalala tsiku limenelo, ndipo sindichita nazo manyazi.

Mayiwo sanalekere pomwepo. Tsiku lotsatira anafikanso masana, n'kukhala pa benchi yomweyo ndi ndiwo zawo. Mkuja chimodzimodzi. Ogula masamba anayamba kuwatsatira komweko. Mkamwini ankangozungulira kuseri ngati nkhuku yosowa poikira. Mapeto ake anatuma yekha ankhoswe, aja ankamwa nawo, kuti akapepese. Anagwirizana kuti pamalo a mayiwo zolaula zisaonekenso, zodulana zija zikhale za akuluakulu okha madzulo, ndipo wovala yunifomu asalowe.

Mkulu wina wa mpingo, ataona kuti zatheka, anabwera kwa ine kuti tipitirize mpaka kanyumbako katsekedwe, mpira umene unkaonetsedwamo ndi zonse. Ndinakana.

"Mpira walakwa chiyani, abambo?" ndinawafunsa. "Nanga ine za ku Nigeria ndizikaonera kuti?"

Anachoka atakhumudwa. Mkazi wa mnyamata uja nayenso anasiya kundipatsa moni kwa nthawi yaitali, ndipo sindimuimba mlandu. Masiku ano anthu amandiuza kuti nkhondo yanga inali yachabe, poti mwana aliyense ali ndi kanema m'thumba, pa foni. Ndikudziwa. Zidzukulu zanga ndimazilanda mafoni, mawa zapezanso ena. Koma ine sindinkamenyera dziko lonse. Ndinkamenyera njira imodzi.

Lolemba lotsatira ndinadzuka m'mamawa, n'kusita yunifomu, n'kusoka lamba wa chikwama uja. Mwana wanga anavala. Ndinatenga nsapato zanga kuti ndimuperekeze.

"Khalani, amayi," anatero. "Mandasi apserera."

Ndinakhala, koma atangotuluka ndinamuzembera kumbuyo, n'kubisala pampanda wa aneba. Ndinamuona akutsika njira ija yekha, chikwama chili kumsana. Atayandikira kanyumbako anachepetsa liwiro. Mwini vidiyo uja anali panja akusesa. Anakweza mutu, anaona kuti ndi mwana wa ndani, n'kukokera tsache lake pambali kuti adutse.

Mwana wanga anadutsa. Sanathamange, ndipo sanacheuke kuti aone ngati amake akumutsatira. Ndinamuyang'ana mpaka anakhota pakona. Nditabwerera kunyumba ndinapeza mandasi atapsereradi, poto yense, akuda bii. Ndinawataya ndikuimba.